Kulowa Ntchito ya Sayansi ya Deta Kudzera M'maphunziro a Pakampani: Malangizo kwa Achinyamata a ku Mangochi

Mabanki, makampani a mafoni, a inshuwalansi ndi ena akuluakulu ali ndi chizolowezi chotenga achinyamata amene angotsiriza kumene sukulu yaukachenjede n'kuwaphunzitsa okha ntchito, kwa miyezi ingapo kapena chaka ndi kupitirira, asanawapatse udindo wokhazikika. M'nyuzipepala malo otere amalengezedwa kuti akufuna graduate trainee kapena management trainee, ndipo masiku ano ena mwa malowa amakhala a anthu oti azigwira ntchito ya deta, yomwe ndi manambala ndi zolembedwa zonse zimene kampani imasunga zokhudza makasitomala, malonda, ngongole ndi katundu wake. Kwa mnyamata kapena mtsikana wa ku Mangochi amene alibe wachibale m'maofesi a ku Blantyre kapena ku Lilongwe, njira imeneyi ndi yamtengo wapatali, chifukwa imathetsa vuto limene limagwetsa ulesi ambiri, lakuti olemba ntchito amafuna munthu amene anagwirapo kale pamene palibe amene akufuna kukhala woyamba kumulemba.

Komabe pali mfundo imodzi imene ndikufuna muimve tisanapite patali. Kampani imene ikulonjeza kuti idzakuphunzitsani siyambira pa munthu wosadziwa kalikonse. Pa makalata ambirimbiri amene imalandira, imasankha a anthu amene aonetsa kale kuti amatha kufunsa funso lomveka n'kulipezera yankho m'manambala. Choncho kukonzekera kumayamba chilengezo chisanatuluke, ndipo mbali yaikulu ya kukonzekerako mungathe kuichita muli konkuno, kaya mumakhala paboma, ku Monkey Bay, ku Namwera kapena ku Makanjira.

Yambani ndi kuidziwa ntchitoyo

Ambiri akamva za sayansi ya deta amaganiza za makina oganiza ngati munthu. Zimenezo zilipo, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yoyankha mafunso wamba a bizinesi. Kampani ya mafoni imafuna kudziwa kuti ndi maejenti ati a Airtel Money kapena a Mpamba amene fuloti imawathera pa tsiku la msika, komanso kuti ndi makasitomala ati amene atsala pang'ono kusiya nambala yawo n'kupita kwina. Banki imafuna kudziwa kuti mwa anthu opempha ngongole ndi ati amene angabweze bwino, ndiponso kuti ndi ndalama ziti zimene zayenda mokayikitsa. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera m'pologalamu ya pakompyuta yotchedwa DHIS2, ndipo pamafunika munthu woti aone kuti malungo amakwera miyezi iti m'dera liti, kuti mankhwala afike nthawi yabwino.

M'makampani ntchitoyi imagawika patatu. Data analyst ndi amene amasanthula zimene zachitika kale n'kulemba malipoti. Data engineer amakonza njira zoti deta ichoke kumene ikupangidwa n'kufika posungira ili yolongosoka. Data scientist amapanga mamodelo, omwe ndi njira za masamu zolosera zam'tsogolo. Ophunzira ntchito ambiri amayambira pa udindo woyambawo, ndipo musauderere, chifukwa munthu amene sanazolowere kusanthula zimene zachitika sangalosere molondola zimene zikubwera.

Kenako onani mapepala anu

Mapologalamu ambiri otere amafuna digiri, makamaka ya masamu, statistics, computer science, economics kapena engineering, monga zimene zimaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo, ku Mzuzu University ndi ku LUANAR. Kawirikawiri amanenanso mulingo wa kakhozedwe, ndipo ena amafuna amene atsiriza sukulu posachedwapa, kotero kudikira zaka zambiri musanayesere kungakutsekereni khomo limeneli.

Ngati muli ndi MSCE yokha kapena dipuloma, ndibwino ndikuuzeni zoona kuti khomo la graduate trainee ndi lovuta kulowa, koma lilipo lina. Kuno ku Mangochi kumabwera kafukufuku wambiri wa zaumoyo, za usodzi ndi za maphunziro, ndipo amafuna anthu ofunsa mafunso m'midzi pogwiritsa ntchito tabuleti yokhala ndi pologalamu yolembera mayankho ya KoboToolbox kapena ODK, komanso makalaliki olowetsa deta m'kompyuta. Amene amayankhula bwino Chiyao ndi Chichewa amakhala ndi mwayi woposa anzawo ochokera kutali. Gwirani ntchito yotere mukupitiriza sukulu, ndipo mukhale tcheru ndi maphunziro aafupi monga a African Drone and Data Academy, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2020 mothandizidwa ndi UNICEF.

Phunzirani luso mwadongosolo lake

Apa ndi pamene ambiri amasochera, chifukwa amathamangira zovuta asanagwire zophweka. Yambani ndi Excel, ndipo muiphunzire mozama osati kungolembamo mayina. Mudziwe kusanja ndi kusefa mizere, kupanga pivot table (tebulo lophatikiza deta m'magulu mwachidule), kulumikiza matebulo awiri ndi VLOOKUP kapena XLOOKUP, ndi kujambula chati yoti bwana amve uthenga wake asanakufunseni kanthu. Maofesi ambiri m'dziko muno amayenderabe Excel, ndipo sabata yanu yoyamba pantchito mwina mudzaithera momwemo.

Excel ili ndi malire ake. Tsamba limodzi limatenga mizere 1,048,576 basi, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Mangochi lokha lili ndi anthu 1,148,611. Izi zikutanthauza kuti mutafuna kulemba munthu aliyense wa m'boma lino pa mzere wake, tsambalo lingadzaze anthu ena asanalembedwe, ndipo deta ya kampani ya mafoni, imene imasunga kuyimba kulikonse ndi kutumiza ndalama kulikonse, ndi yochuluka kwambiri kuposa pamenepo. N'chifukwa chake chachiwiri kuphunzira ndi SQL, chiyankhulo chofunsira mafunso ku database, yomwe ndi nkhokwe yosungira deta m'kompyuta. Mawu ake ofunika ndi ochepa: SELECT posankha zimene mukufuna kuona, WHERE posefa, GROUP BY pophatikiza m'magulu, ndi JOIN polumikiza matebulo. Pa mawu anayiwa, JOIN ndi amene amagwetsa anthu ambiri pamayeso, chifukwa mukalumikiza molakwika mizere imachulukana mwakachetechete ndipo chiwerengero chanu chimatuluka chachikulu kuposa chenicheni popanda kompyuta kukuchenjezani. Muzizolowera kuwerenga mizere musanalumikize komanso mutalumikiza. SQLite, pologalamu ya database yogwiritsa ntchito SQL, ndi yaulere, ndi yaying'ono, ndipo imagwira popanda intaneti, choncho ndi yoyenera kuphunzirira kunyumba.

Chachitatu ndi statistics, ndipo ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo imasiyanitsa munthu woganiza ndi munthu wongodina mabatani. Tiyerekeze kuti padoko pafika maboti 10, ndipo 9 mwa iwo abwera ndi ndowa 2 za usipa lililonse, pamene limodzi labwera ndi ndowa 40. Avereji ndi ndowa 5.8 pa boti, ndipo wolemba lipoti mosasamala anganene kuti asodzi apha bwino. Koma mukandandalika manambalawo kuyambira laling'ono n'kutenga lapakati, limene limatchedwa median, mupeza ndowa 2, ndipo chimenecho ndicho chithunzi chenicheni cha usiku umenewo kwa alovi ambiri. Muyenera kudziwa nthawi yogwiritsa ntchito chilichonse mwa ziwirizi. Mudziwenso kuti kufunsa anthu ochepa a paboma pokha sikungakuuzeni maganizo a boma lonse, ndiponso kuti zinthu ziwiri zikamakwera limodzi sizitanthauza kuti chimodzi chikuyambitsa chinzake.

Mukafika apa m'pamene muyambe Python, chiyankhulo cholembera malangizo a kompyuta, pamodzi ndi pandas yosanthulira matebulo, kapena R ngati munaiyamba kale kukoleji. Sankhani chimodzi n'kukhala nacho. Webusayiti ya Kaggle ili ndi maphunziro aafupi aulere, ndipo pa webusayiti ya Coursera pali maphunziro monga Google Data Analytics Certificate. Power BI kapena Tableau, zopangira machati ndi malipoti, mungaziphunzire pambuyo pake, popeza munthu wodziwa bwino pivot table savutika nazo. Za machine learning, komwe ndi kuphunzitsa kompyuta kulosera kuchokera pa deta, dziwani kaye mfundo yake yaikulu, yakuti modelo imayesedwa pa deta imene sinaionepo pophunzira, chifukwa modelo imene yangoloweza mayankho imaoneka yanzeru m'kompyuta yanu koma imalephera ikakumana ndi makasitomala atsopano.

Pa nkhani ya zipangizo, laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yokwanira, bola ikhale ndi RAM yosachepera 8GB ndi batire losunga moto, poganizira kuzimazima kwa magetsi. Pogula, yesani batirelo musanapereke ndalama. Koperani maphunziro ndi mafayilo pamene netiweki ili bwino kuti muziphunzira popanda kudya bandulo, ndipo ntchito zolemera muzizichitira pa Google Colab, imene imagwiritsa ntchito makompyuta a Google kudzera pa intaneti.

Pangani ntchito yanuyanu yoti mukaonetse

Satifiketi ya pa intaneti imasonyeza kuti munamvetsera phunziro, koma sisonyeza kuti mungathe kugwira ntchito, ndipo ofunsira ntchito ambiri amakhala nayo yofanana ndi yanuyo. Chimene chingakusiyanitseni ndi pulojekiti imene munaiyamba nokha kuchokera pa funso mpaka pa yankho, ndipo pamenepa munthu wa ku Mangochi ali ndi mwayi umene wa m'tauni alibe.

Tengani funso losavuta, monga lakuti mtengo wa usipa umasintha bwanji pakati pa doko ndi msika wa paboma, ndipo chimausintha n'chiyani. Pitani kaye kwa akuluakulu a komiti ya padoko ndi kwa amayi ogulitsa nsomba, muwapatse moni mwaulemu, mufotokoze kuti ndinu ophunzira, kuti simunatumidwe ndi a msonkho, ndiponso kuti simulemba dzina la munthu aliyense. Akavomera, muzilemba tsiku lililonse, kwa miyezi iwiri kapena itatu, deti, malo, mtundu wa nsomba, ngati ndi yaiwisi kapena youma, muyezo wake, mtengo wake, mmene mphepo inalili ndi mmene mwezi unalili kumwamba. Ziwiri zomalizazi n'zofunika, chifukwa mwera ukamawomba maboti ambiri salowa m'madzi, ndipo usodzi wa nyali suyenda bwino mwezi ukamawala kwambiri. Msodzi aliyense amazidziwa zimenezi, koma inu mudzatha kuonetsa ndi manambala kuti mtengo umakwera ndi mlingo wotani.

Mukayamba kulowetsa zolemba zanu m'kompyuta mudzakumana ndi ntchito imene imadya nthawi yambiri ya akatswiri onse a deta, yomwe ndi kuikonza kuti ikhale yodalirika. Ili ngati kusankha miyala mumpunga musanaphike: palibe amene amakuyamikirani, koma mukailumpha aliyense amazindikira. Mudzapeza kuti tsiku lina munalemba Monkey Bay, lina Monkeybay, lina M/Bay, ndipo kompyuta ikuwerenga ngati malo atatu. Mudzapeza kuti wina amagulitsa pa ndowa, wina pa mulu, wina pa beseni, ndipo muyenera kusankha muyezo umodzi n'kulemba momveka mmene mwasinthira inayo. Mudzapeza deti lolembedwa 03/04 limene kompyuta ina ingaliwerenge ngati 3 Epulo pamene ina ngati 4 Malichi. Chachikulu koposa, musasokoneze tsiku limene simunapite kudoko ndi tsiku limene nsomba kunalibe. Loyambalo musiye danga lopanda kanthu, lachiwirilo mulembe ziro, chifukwa mukaziphatikiza avereji yanu idzanama.

Pomaliza lembani lipoti la masamba awiri kapena atatu, lokhala ndi funso, njira imene munatsata, machati ochepa, zimene mwapeza, ndi zimene deta yanuyo singathe kuyankha. Gawo lomalizali musalichite manyazi, chifukwa olemba ntchito odziwa amalemekeza munthu amene amadziwa malire a zimene wapeza. Ikani lipotilo ndi khodi yake (malangizo amene munalembera kompyuta) pa GitHub, webusayiti yosungirapo ntchito zotere, kuti aliyense athe kuliona.

Pulojekiti yachiwiri ikhale ya deta yaikulu imene ena anasonkhanitsa kale. National Statistical Office ya ku Zomba imafalitsa zotsatira za kalembera, ndipo deta ya Integrated Household Survey imapezeka kudzera ku World Bank mukalembetsa. Pa Zindi, pamene pamachitikira mipikisano ya sayansi ya deta ya mu Africa, panachitikapo mpikisano wolosera kusefukira kwa madzi kumwera kwa Malawi, ndi wina wogawa m'magulu nkhani za m'nyuzipepala zolembedwa m'Chichewa. Ngakhale musapambane, kutenga nawo mbali kumakuphunzitsani kuona mmene ena athetsera vuto lomwelo. Mapulojekiti awiri otsirizidwa bwino amaposa khumi osiyidwira panjira.

Kupeza chilengezo ndi kulemba kalata

Muziwerenga masamba a ntchito mu The Nation ndi The Daily Times, muziyang'ana mawebusayiti a makampani enieniwo, ndipo mutsegule tsamba lanu pa LinkedIn lokhala ndi chithunzi chaulemu. Mapologalamu ambiri amalengezedwa kamodzi pachaka ndipo nthawi yotumizira imakhala yaifupi, choncho CV, makope a masatifiketi otsimikizidwa ndi chiphaso cha unzika zikhale zokonzeka kale, zitajambulidwa bwino n'kusungidwa ngati PDF.

Chenjerani ndi akuba. Kampani yeniyeni sipempha munthu wofuna ntchito kuti atumize ndalama pafoni zoti akonzere fomu, yunifolomu kapena malo pa intavyu. Mukaona uthenga wotere pa WhatsApp kapena pa Facebook, ngakhale utakhala ndi chizindikiro cha banki yodziwika, pezani nambala ya kampaniyo pawebusayiti yake kapena mupite kunthambi yake paboma mukafunse.

CV isapitirire masamba awiri. M'malo molemba kuti ndinu olimbikira ntchito, zimene aliyense amalemba, fotokozani zimene munachita: kuti munasonkhanitsa mitengo ya nsomba m'misika yakuti kwa miyezi yakuti, munaisanthula ndi SQL ndi Python, ndipo munapeza chakuti. Kalata iliyonse ilembedwe moganizira kampani imene mukuilembera. Werengani lipoti lake lapachaka ngati lilipo, popeza makampani amene ali pa Malawi Stock Exchange amafalitsa malipoti otere, ndipo mutchule m'kalatamo vuto limodzi la bizinesi yawo limene mukuona kuti deta ingathandize.

Mayeso ndi intavyu

Kawirikawiri pamayamba mayeso a masamu ndi kaganizidwe, okhala ndi nthawi yochepa, ndipo mafunso ake amazungulira pa maperesenti, kugawa mofanana ndi kuwerenga matebulo ndi machati. Si ovuta kwenikweni, chimene chimavuta ndi liwiro, choncho muziyeserera ndi wotchi pambali. Ngati mayesowo ndi a pa intaneti, sankhiranitu malo amene netiweki ndi yodalirika, tchajani laputopu ndi foni, ndipo ngati n'kotheka mukhale ndi malayini a makampani awiri kuti ina ikavuta musinthire ku inzake.

Mukaitanidwa ku Blantyre, kumbukirani kuti ulendo wodzera ku Liwonde ndi ku Zomba ndi wa makilomita pafupifupi 190, ndipo minibasi imaima paliponse. Nyamukani dzulo lake mukagone kwa achibale, osati kudalira kufika m'mawa womwewo. Funsani mwaulemu ngati kampaniyo imabweza ndalama za ulendo.

Pa intavyu adzakufunsani za pulojekiti yanu, ndipo muyenera kutha kuifotokoza m'Chingerezi chomveka kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kwa munthu amene sanaonepo ukonde wa chilimira. Yesererani mokweza mawu pamaso pa mnzanu. Mwina adzakupatsaninso funso la bizinesi, monga lakuti makasitomala a nthambi ina achepa ndipo inu mungayambire pati. Musathamangire kutchula modelo. Funsani kaye kuti achepa kuyambira liti, poyerekeza ndi nthawi iti, ndi makasitomala a mtundu uti, ndiponso ngati kalembedwe ka chiwerengerocho sikanasinthe. Mukafunsidwa chinthu chimene simukuchidziwa, vomerani kuti simukuchidziwa, kenako fotokozani mmene mungachifufuzire. Munthu wa deta amene amapeka yankho ndi woopsa kwa kampani, ndipo ofunsawo amadziwa zimenezi.

Werengani mgwirizano musanasayine

Chimwemwe cholandira kalata ya ntchito chimachititsa ambiri kusayina osawerenga, ndipo pano ndikupempheni kudekha, pakuti safunsa anadya phula. Pemphani tsiku limodzi kapena awiri kuti muwerenge, ndipo kampani yabwino sidzakukanizani.

Fufuzani kaye kuti pa nthawi ya maphunziro mudzakhala wantchito wolandira malipiro kapena wophunzira wolandira alawansi chabe, chifukwa kusiyana kwake kumakhudza penshoni, tchuthi ndi thandizo la kuchipatala. Malamulo a penshoni m'dziko muno amati olemba ntchito aziperekera wantchito 10 peresenti ya malipiro ake, iye n'kumaperekanso 5 peresenti. Lamulo la ntchito limatinso nthawi yoyesedwa ya wantchito waluso isapitirire miyezi 12. Funsani ngati mukatsiriza bwino maphunziro ntchito ndi yotsimikizika, kapena adzasankhapo ochepa okha, ndipo ngati ndi choncho adzayang'ana chiyani posankha.

Kenako yang'anitsitsani ndime yokumangani. Makampani ambiri amene amalipirira munthu maphunziro amafuna kuti awagwirire ntchito kwa nthawi yakutiyakuti, ndipo akachoka msanga abweze ndalama. Zimenezi pazokha si zoipa, popeza kampaniyo yawononga chuma chake pa inu. Chofunika ndi kudziwa kuti nthawiyo ndi yaitali bwanji, ndalama zobwezazo ndi zingati ndipo zalembedwa momveka kapena ayi, ngati zimachepa pamene miyezi ikupita, ndiponso chimene chingachitike ngati kampaniyo ndiyo yakuchotsani kapena mwadwala. Migwirizano ina imafuna munthu wokuimirani amene angalipire inu mukalephera. Ngati amalume anu kapena mayi anu ndiwo asayine pamenepo, khalani nawo pansi muwamasulire ndime iliyonse m'chiyankhulo chimene amamva bwino, chifukwa si chilungamo kuika munda kapena boti la banja pachiswe iwo asakudziwa. Ngati pali mawu amene simukuwamvetsa, kafunseni ku ofesi ya zantchito ya paboma kapena kwa munthu wodziwa malamulo.

Werengeraninso mtengo wa moyo wa m'tauni. Lendi ya nyumba, imene eni ake ambiri amafuna ya miyezi ingapo nthawi imodzi, thiransipoti ya tsiku ndi tsiku, chakudya ndi zovala za ku ofesi, zonsezi zimayamba malipiro oyamba asanabwere. Auzenitu a kunyumba kuti miyezi yoyambirira simudzatha kutumiza zambiri, kuti pasadzakhale kukhumudwitsana.

Mukalowa m'maphunziromo

Mapologalamu ambiri amayamba ndi maphunziro a m'kalasi, kenako amakuzungulitsani m'madipatimenti osiyanasiyana, monga ya ngongole, ya malonda, ya zachuma ndi yosamalira makasitomala, musanakhazikike ku gulu la deta. Ena amaona kuzunguliraku ngati kutaya nthawi, koma ine ndinganene kuti ndi gawo lopindulitsa kuposa onse. Python mungaiphunzire kulikonse, koma mmene banki imapezera phindu, kapena chifukwa chimene kalaliki wa pakauntala amasiyira danga lina la fomu osalemba, mungazidziwe pokhapokha mutakhala naye pafupi. Nambala iliyonse imene mudzaione m'database inalowetsedwa ndi munthu kapena makina pa chifukwa china, ndipo wodziwa chifukwacho salakwitsa kumasulira.

Khalani ndi kope lolembamo tanthauzo la mawu amene kampaniyo imagwiritsa ntchito. Mwachitsanzo, funsani kuti akamati kasitomala amene akugwiritsabe ntchito akaunti yake akutanthauza amene waigwiritsa ntchito m'masiku 30 kapena 90 apitawa, chifukwa madipatimenti awiri angathe kuwerenga mosiyana n'kumakangana pa manambala amene onse ndi olondola. Mukapatsidwa ntchito, bwerezani funsolo kwa amene wakutumani m'mawu anuanu musanayambe, ndipo mufunse kuti yankholo akufuna kupangira chiganizo chotani. Musanapereke lipoti, yerekezani chiwerengero chanu chimodzi ndi lipoti lina lodalirika la pakampanipo. Mukazindikira kuti munalakwitsa lipoti litapita kale, kanenenitu nokha mwamsanga.

Ngati akupatsani mlangizi, musadikire kuti iye akufunefuneni. Pemphani nthawi yokhazikika yokumana naye, ndipo muzipita ndi mafunso olembedwa komanso zimene mwayesa kale. Anthu otanganidwa amathandiza mosavuta munthu amene wayamba wayesa yekha.

Pali nkhani ina imene ingathetse ntchito yanu tsiku limodzi, ndiyo ya chinsinsi. Mudzatha kuona ndalama za m'maakaunti a anthu, manambala awo a foni, mwina ndi matenda awo, ndipo ena mwa iwo adzakhala anthu a kumudzi kwanu. Malawi ali ndi lamulo loteteza deta ya anthu, Data Protection Act ya 2024, limene MACRA ndiyo inapatsidwa udindo woliyang'anira. Musatsegule mbiri ya munthu popanda chifukwa cha ntchito, musakopere deta ya kampani pa fulashi yanu kapena pa imelo yanu, musaiike m'mapologalamu a nzeru zopangidwa a pa intaneti popanda chilolezo, ndipo wachibale akakupemphani kuti mumuonere zimene mwamuna wake kapena mnzake wa bizinesi ali nazo kubanki, mukane mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Makina a makampani otere amasunga mbiri ya aliyense amene watsegula chiyani ndi nthawi yake.

Maphunziro akamayandikira kumapeto

Kukatsala miyezi iwiri kapena itatu, lembani mndandanda wa ntchito zonse zimene mwagwira ndi phindu lake kwa kampani, monga lipoti limene linkatenga masiku koma tsopano limatuluka lokha m'mawa uliwonse, kapena cholakwika chimene munachitulukira m'manambala. Pitani nawo kwa bwana wanu mukafunse mosabisa ngati pali malo anu, ndi m'gulu liti, ndiponso chimene mukufunika kukonza nthawi isanathe. Ngati mwapatsidwa mwayi wosankha, sankhani gulu limene lili ndi munthu wodziwa ntchito amene amalola kuphunzitsa ena, ngakhale dzina la udindowo litakhala losamveka patali.

Zikapanda kutheka kuti akusungeni, pemphani kalata yaumboni yofotokoza zimene munaphunzira ndi kugwira, komanso chilolezo chotchula bwana wanu pa CV, ndipo muchite zimenezi musanabweze khadi ndi laputopu ya kampani, pamene onse akukukumbukirani bwino. Mabungwe a zaumoyo, a usodzi ndi a chitukuko amene amagwira ntchito kuno ku Mangochi amalemba anthu oyang'anira ndi kuunika mapulojekiti awo, omwe amatchedwa a M&E, ndipo luso la SQL, statistics ndi kulemba malipoti limene mwatenga kukampani ndi lomwelo limene iwo amafuna. Ntchito za kampani yakale simungazionetse kwa olemba ntchito atsopano chifukwa ndi zachinsinsi, choncho pitirizani kuwonjezera mapulojekiti anuanu pa GitHub ngakhale pamene muli pantchito, pogwiritsa ntchito deta yololedwa kwa aliyense.